Kalata yotseguka kwa akuluakulu oona za maphunziro a ntchito zamanja: ana akumudzi akubwerera pakhomo pa koleji

Olemekezeka a nduna oona za ntchito ndi maluso, akuluakulu a bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, mabwanamkubwa a mmaboma komanso mafumu athu,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu, ndikhulupilira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ife kuno tilipo, tikulimbana nazo choncho.

Ine ndi mmisiri wowotcherera zitsulo pa kamsika kena kakumudzi mchigawo chapakati, kumene minibasi imafika tsiku la msika lokha, masiku enawa ndi kabaza basi. Sindine wandale ndipo palibe chipani chandituma. Sukulu ndinalekezera fomu 2, nde mukaona mawu anga akupita uku ndi uku mundikhululukire, dzanja ili linazolowera rodi osati cholembera. Kalatayi ndaitayipa pafoni usiku kwa masiku atatu ndipo ndaiika poyera dala kuti ena aione nkutumizirana, chifukwa makalata a mu envulopu timadziwa kumene amathera. Akuluakulu anati wamva mmimba ndiye atsekula chitseko, ine ndamva mmimba.

Shedi yanga ndi malata asanu ndi limodzi okhomedwa pa mitengo ya bulugama, kuseri kwa chigayo. Ndimapanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, mbaula, mawilibala, kukonza ngolo ndi makasu othyoka. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, tambala mkhwapa, mwana wake wamwamuna akutsatira kumbuyo manja mthumba. Anakhala pansi pa chitsa, chipewa mmanja, nkuti "Amisiri, mwanayu chaka chachiwiri chino ali pakhomo, mutengeni olo azingokugwirirani chitsulo, ndikuopa wayamba kuchezera kokachasu." Ndinawabweza ndi tambala wawo yemwe. Osati nkhanza ayi, koma ndili kale ndi anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi pa makina amodzi, galainda imodzi, chigoba chotchinga kumaso chimodzi chomwe timalandirana ngati chikho cha thobwa. Enawo amavala magalasi adzuwa a pamsika, ndipo mwana watsopano aliyense sabata yoyamba amagona ndi kansanza konyowa mmaso akulira kuti muli mchenga. Bamboyo podzuka anangoti "ndidzabweranso tikakolola", ndipo ndikudziwa adzabweradi. Chaka chino chokha ndabweza makolo asanu ndi mmodzi. Mnzanga telala wa pakhonde la golosale naye amabweza, kalipentala wa pansi pa mtengo wa mango chimodzimodzi, wokonza njinga zamoto ndiye osanena.

Ndiyambe ndi kuyamika pomwe pakuyenera, kuti musati munthuyu wangodzuka ndi mkwiyo. Bungwe la TEVETA lilipo kuyambira 1999 ndipo alipo anthu ambiri akudya lero chifukwa anadutsa mmanja mwake. Makoleji akuluakulu aja, Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, atulutsa amisiri enieni, ena ndawaona ntchito yawo ndi maso angawa nkuvula chipewa. Mu Malichi 2015 pomwe a Peter Mutharika amatsegulira koleji ya Ngara ku Karonga, nkulonjeza kuti boma lililonse likhala ndi koleji yake ya ntchito zamanja, ife tinamvera pa wailesi pashedi pompano ndipo tinawomba mmanja zoona. Tinamva za Chongoni ku Dedza, Mponela ku Dowa, Kapondo ku Mchinji, Mbandira ku Nkhotakota, Aida Chilembwe ku Chiradzulu, Naminjiwa ku Phalombe, Milonga ku Thyolo. Ganizo lija linali labwino ndipo likadali labwino, aliyense amene ali pampando asalitaye poti anayambitsa ndi wina.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni, mwa anthu 100 aliwonse 84 amakhala kumudzi, ndipo theka la dziko lonse ndi ana osakwana zaka 18. Ana amene anali ndi zaka 10 nthawi ya kalemberayo lero ndi anyamata a ndevu, ndi amene akuima pashedi yanga. Koleji imodzi pa boma lonse, yotenga ana owerengeka pa kosi iliyonse, ili ngati kuthira madzi a mkapu pa munda wa ekala.

Dandaulo langa loyamba ndi khomo lolowera. Chikalata choitana ana kuti akaphunzire kosi yeniyeni ya mkoleji chikatuluka, mzere woyamba umafuna MSCE. Mabwana, inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti pulayimale inakhala yaulere mu 1994 ndipo ana anadzaza makalasi mpaka pansi pa mitengo, koma malo a kusekondale sanakule mofanana, ambiri okhoza sitandade 8 amasowa kolowera. Olowawo ena amasiyira panjira, fizi, mimba, njala, mtunda. Ofika fomu 4 nawo chaka ndi chaka anayi kapena asanu pa khumi aliwonse amalakwa mayeso. Nde tikamati koleji ya kumudzi koma pakhomo taikapo MSCE, tikutanthauza mwana uti wakumudzi? Amene akulowa ndi uja anakhoza bwino koma malo ku yunivesite anamuthera, wabwera kudzadikirirako mwayi wina, mtima wake uli ku ofesi. Sindikumunena, nayenso ndi mwana wathu. Koma uja amamasula injini ya njinga yamoto nkuibwezera osatsala nati olo imodzi, uja amapanga kawailesi ndi mawaya otola kudzala, amabwerera pageti poti Chingerezi chinamugwetsa. Ndikudziwa kuli timasukulu ta maluso ta mmadera tomwe timalandira olekezera panjira, ndi makosi a miyezi yochepa obwera ndi mabungwe, koma ndi tochepa kwambiri ndipo timabwera ngati mvula ya chizimalupsa, yagwa lero mawa kulibe.

Pa za Chingerezi pomwepa ndiimepo pang'ono. Ine mwana ndimamuuza kuti rodi usaikanikize, isiye iziyenda ngati ukulemba pamchenga, ukamva kulira ngati mafuta mchiwaya cha tchipisi ndiye kuti moto uli bwino, ikamamatirira onjezera. Sabata ziwiri mwana wagwira. Zomwezo muzilembe mchingerezi cha mbuku, mumufunse pa pepala, alephera, ndiye mudzati alibe mutu. Khoma silifunsa kuti wolimangayo anakhoza galamala. Masamu inde akufunika, tepi, sikweya ndi levulo sizinama, koma masamu a tepi amaphunzitsika mChichewa, mChitumbuka, mChiyao, mChisena, mChilomwe bwinobwino.

Komanso chikalatacho chimatuluka munyuzipepala ndi pa intaneti. Kuno nyuzipepala timaiona itakulunga usipa. Pofika poti mwana wamva, wapeza ya thiransipoti kupita kuboma, wajambulitsa mapepala, tsiku lotsekera linadutsa kale.

Dandaulo lachiwiri ndi mtunda ndi pogona, ndipo ili limandipweteka kwambiri chifukwa linagwera mwana wa mchemwali wanga. Mtsikanayu anali ndi MSCE yake yabwinobwino, anasankhidwa kukaphunzira zamagetsi pa koleji ina yomwe sinditchula dzina, tsiku lomwe uthenga unafika mayi ake anavina pabwalo mpaka chitenje kugwa. Tinagulitsa mbuzi ziwiri. Kukafika, malo ogona atsikana kunalibe, akuti aliyense adzionere yekha. Anapeza kachipinda kuseri kwa malo omwera mowa, anayi chipinda chimodzi, chitseko chotseka ndi msomali wopinda, ndinachita kupita ndekha kukawaikira loko ndi mabagalabazi pawindo. Ufa timatumiza pa kabaza, ndiwo azionera okha, lendi mwezi ndi mwezi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zinakwera kamodzi, mwini nyumba anakweza, sopo anakwera, ife kuno chimanga chinali chitatha munkhokwe. Anapirira teremu ina imodzi, kenako anabwera ndi chikwama chake, ndipo lero ali pabanja ndi mwana kumsana. Pulayala ndi tesita yake zili mkabati kwa mayi ake. Akabwera kudzacheza amandikonzera mawaya apashedi mwaluso moti ndimayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga. Mumalankhula bwino pa wailesi kuti atsikana alowe ntchito zomwe kale ankati ndi za amuna, ndipo tikuvomereza, koma mtsikana wa zaka 19 wopanda pogona potetezeka, wopanda chakudya, pakati pa madalaivala ndi mavenda a ndalama mthumba, mukuyembekezera kuti zitha bwanji?

Chachitatu ndi zomwe mwana akupeza mkati akalowa. Chaka chatha kunabwera mnyamata ndi satifiketi yake yokongola mu pulasitiki, kudzapempha kuti azigwira nane. Zamkabuku amazidziwa kundiposa, mayina a majointi onse, mitundu ya marodi, chitetezo, ine ndinaphunzirako zambiri kwa iye osanama. Ndinamupatsa zitsulo ziwiri kuti alumikize, dzanja kunjenjemera, rodi kumatirira, pomaliza ndinangomenya kamodzi ndi hamala zinalekana. Anandiuza mwamanyazi kuti kumene amaphunzira makina ogwira ntchito anali awiri kalasi yonse, marodi amachita kuwerengera, tsiku lina magetsi kulibe, tsiku lina mphunzitsi mmodzi yemweyo ali ndi kalasi ina. Nthawi ya atachimenti anazungulira mtauni mwezi wathunthu ndi kalata mmanja, makampani akumuuza kuti malo adzadza, pomaliza anakhala kwa achibale kudikira kuti nthawi ithe. Mwana ameneyu sanalakwe chilichonse. Luso la manja limalowa ndi kuononga, uyenera kupsereza zitsulo zambiri, kudula matabwa molakwika, kusoka nkusomola, ndiye dzanja limakhazikika. Koleji yopanda marodi, matabwa, simenti ndi nsalu zoti ana aononge ndi sekondale chabe yovala ovolosi. Panopa mnyamatayo ndi katswiri, miyezi isanu ndi umodzi pansi pa malata angawa inakwana, koma bwanji anachita kudzamalizira kwa munthu wa fomu 2?

Ndipo makosiwo tiwaonenso ngati akuyenda ndi mudzi walero. Ukalipentala, utelala ndi zomangamanga nzabwino, koma kamsika kamodzi sikangadyetse matelala 15 pomwe anthu akuvala kaunjika. Tayang'anani zomwe zadzaza mmidzi pano. Njinga zamoto za kabaza zili paliponse, ma Lifo ndi anzake, okonza ake ambiri anaphunzira mongoonera. Masola ali padenga lililonse la malata, batire ikafa kapena inivetala ikapsa munthu amangotaya poti wodziwa kulibe. Mapampu a sola a mmadimba akangofika chaka amagona mnyumba. Mijigo ya Afridev ikathyoka amayi amabwerera kudambo miyezi kudikira munthu mmodzi wa dera lonse. Zigayo, makina oswera mtedza ndi oyengera mafuta a mpendadzuwa, mafoni. Kuyambira 2018 malamulo akuletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo, chabwino, koma ndani akuphunzitsa mnyamata wakumudzi kuumba mabuloko a simenti osafumbutuka? Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023 ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre, tonse tinaona kuti kamangidwe kathu kakufunika kusintha, maziko, malo omangapo, kamangiridwe ka denga. Amene amamanga nyumba za mmidzi si makontirakitala a mtauni, ndi mabilidala a mmudzi momwemo, ndiye amenewo ndi amene akufunika maphunziro atsopanowo. Ndi ulimi womwe, ana athu akulima momwe ankalimira agogo awo, pomwe kuweta njuchi, nsomba za mmaiwe, kulumikiza mitengo ya zipatso ndi kusunga tomato kuti asaole ndi maluso oti munthu nkudya nawo osachoka pamudzi.

Za magetsi sinditaya nthawi, mukuzidziwa. Kumudzi nyumba zolumikizidwa ku magetsi a mawaya sizifika imodzi pa khumi. Pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP yafikitsa mapolo mmisika yambiri ndipo pomwe yafika pamabadwa chigayo, saluni, wowotcherera, wotchaja mafoni mwezi womwewo. Pomwe sinafike, mwana olo mumuphunzitse bwanji adzasamukira mtauni basi, chifukwa makina ake sayendera nkhuni.

Chachinayi ndi ifeyo amisiri a pansi pa mitengo. Ndinene mosadzitama, ana ambiri amene akudya ndi manja awo mdziko muno sanaphunzire mkoleji, anaphunzira kwa amalume awo, pakhonde, pagalaja ya mmbali mwa msewu. Ine ndinaphunzira kwa mkulu wina amene anabwera nalo luso kuchokera ku migodi ya ku Joni, zaka zitatu ndikumunyamulira zitsulo osalandira kanthu koma nsima. Pashedi panga padutsa ana oposa 20, ena ali ndi mashedi awo, wina ali ku Tete, awiri ali ku Lilongwe. Palibe amene ndinamupatsa pepala chifukwa ine mwini ndilibe. Ntchito ya boma ikapezeka, kaya kumanga chipatala chaching'ono kaya buloko ya sukulu, amafunsa pepala, nde wa pepala amatenga ntchito nkudzatilemba ife aganyu kuti timugwirire. Ndamva kuti ilipo njira yoti munthu amene anaphunzira payekha akayesedwe nkupatsidwa satifiketi malinga ndi zomwe akudziwa kale. Njira imeneyi ndi yabwino zedi, koma mufunse amisiri khumi a pamsika uliwonse wakumudzi ngati anaimvapo, ndipo amene anaimva akuuzani za thiransipoti, malipiro ndi masiku otseka shedi ana kunyumba akudikira ndiwo. Komanso sindibisa, ife tili ndi zofooka zathu. Ena mwa ife amagwiritsa ana ntchito zaka ngati akapolo osawaphunzitsa kanthu, ena amatuma mwana kumunda kwawo mmalo mwa ntchito, za chitetezo sitizidziwa bwino, kuwerengera mtengo wa katundu timangoganizira. Mutatiphunzitsa ndi kutiyang'anira zoterezi zingachepe. Panopa palibe amatiyendera kupatula wodula tikiti ya msika.

Chachisanu, mwana wamaliza, ndiye atani? Telala wopanda makina, kalipentala wopanda sowo, landa ndi chizulo, ali ngati mlenje wopanda uta. Mmodzi mwa ana anga anapita ku ofesi ina ya ngongole maulendo anayi, fomu analemba, gulu anapanga, pomaliza anamufunsa chikole. Mwana wogona mgowelo chikole achitenga kuti? Anagulitsa njinga yakapalasa nkukwera basi ya ku Joni, pano akutsuka magalimoto ku Johannesburg, manja omwe aja ankapanga geti yoti munthu nkuima kuyang'ana.

Ndipo olo zipangizo zipezeke, msika uli kuti? Apa ndipomwe ndimasowa mtendere. Pasukulu ya pulayimale yoyandikana nafe, ana ankakhala pansi zaka zambiri. Tsiku lina tinangoona lole yafika kuchokera mtauni yodzaza madesiki a chitsulo ndi thabwa, yadutsa pamaso pa shedi yanga ndi pa kalipentala mnzanga fumbi lili kobo. Tinakondwera poti ana apeza pokhala. Teremu isanathe aphunzitsi aakulu anayamba kutumiza ana atasenza madesiki omwe aja kubwera nawo kwa ine, miyendo yalekana, owotchererawo anangodontheza timadontho pakona nkupaka penti pamwamba. Ndinawakonza pamtengo wa marodi okha poti ana anga amaphunzira pomwepo. Koma ndinadzifunsa, ndalama yomwe inalipira lole ija kuchoka mtauni, ikanapatsidwa kwa ife amisiri a dera lino, si bwenzi anyamata khumi atagwira ntchito miyezi iwiri, ataphunzirapo, ndalama itazungulira pamsika pompano kwa ogulitsa mandasi ndi matemba? Ndipo desiki ikanathyoka akanadziwa khomo logogoda. Mayunifolomu, mabedi a mzipatala, mafelemu a mabuloko omangidwa ndi ndalama za CDF zotukulira madera a aphungu, zonsezi ndi sukulu komanso msika wa ana athu, koma zimadutsa pamutu pathu.

Ndalama zoti nkuyambira sikuti kulibiretu. Olemba ntchito amapereka kuchokera mthumba mwawo ndalama yofanana ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ngati levi ya TEVET, msonkho wothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Mu 2021 World Bank inavomereza madola 100 miliyoni a pulojekiti ya SAVE yotukula maluso. A European Union anathandizapo kudzera mu pulogalamu ya STEP. Sindikunena kuti wina waba, ndilibe umboni ndipo sindinabwere kudzanyoza munthu. Ndikungofunsa ngati nzika kuti pa kwacha iliyonse ya ndalama zimenezi, ndi matambala angati amafika pa mwana wa kumudzi amene alibe MSCE, ndipo ndi angati amathera mmisonkhano ya kunyanja? Boma nalo ndi wolemba ntchito wamkulu kuposa onse, kodi gawo lake la levi limapereka lonse mnthawi yake?

Akuluakulu a msinkhu wa bambo anga akakhala pabawo amakumbutsa za apayoniya, kuti mmabesi mwawo ana ankaphunzira ulimi, ukalipentala ndi zomangamanga. Amakumbukiranso zikwapu, kulanda nkhuku ndi makadi okakamiza, nchifukwa chake asilikali atawathamangitsa mu Disembala 1993 anthu sanalire. Palibe akufuna zimenezo zibwerere, ine ayi ndithu. Koma tinagwetsa nkhokwe poti munali makoswe, ina sitinamange mpaka patadutsa zaka zoposa 20. Mu 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni. Mu Novembala 2023 tinaona ana athu akukwera ndege kukagwira ntchito mminda ya ku Israel nkhondo ili mkati, ndipo amene anatsala ankasilira opitawo. Masomphenya a Malawi 2063 akukamba za mafakitale ndi ulimi wamakono, nde ndimafunsa kuti mafakitalewo adzawotcherera ndani, mapampuwo adzakonza ndani, kapena tidzaitanitsanso amisiri akunja ana athu akuwaphikira tiyi?

Nde mabwana, zopempha zanga, zomwenso ndakambirana ndi amisiri anzanga a pamsika pano, ndi izi:

1. Tsegulani khomo lachiwiri mmakoleji a mmaboma la ana a sitandade 8 ndi a JCE. Muziwayesa ndi manja, mupatseni mwana tepi ndi thabwa muone, ndipo aphunzire mchilankhulo chomwe amalota nacho. Amene wachita bwino akhale ndi mwayi wokwera mpaka kukakumana ndi anzake a MSCE kutsogolo, lisakhale khomo lothera pakhonde.

2. Zikalata zoitana ophunzira zizilengezedwa pa mawailesi a mmadera, mmatchalitchi, mmizikiti ndi kudzera kwa mafumu, mwezi wathunthu lisanafike tsiku lotsekera, ndipo mafomu azipezeka kwa a T/A kapena pasukulu yapafupi.

3. Koleji iliyonse ikhale ndi hositelo, kuyambira ya atsikana, ndi chakudya olo kamodzi patsiku. Musatsegule ina yatsopano musanakonze izi pa zomwe zilipo kale. Mtsikana amene anasiyira panjira chifukwa cha mimba kapena fizi aloledwe kubwerera kudzapitiriza pomwe analekezera, osati kuyambiranso.

4. Ndalama ya marodi, matabwa, simenti, nsalu ndi mawaya ikhale yake payokha, izifika teremu isanayambe, ndipo ikhomedwe pa bolodi kuti ophunzira ndi makolo aziiona. Aphunzitsi muwaonjezere ndi kuwalipira bwino kuti asamathawire ku makampani.

5. Tilembeni mkaundula ife amisiri a mmidzi. Mutiyese komwe tili kuno, oyesawo abwere ndi galimoto pamsika tsiku limodzi mmalo moti amisiri 30 tipite mtauni. Amene wakhoza mumuphunzitse kaphunzitsidwe ndi chitetezo kwa sabata zingapo nthawi yopanda ntchito zakumunda, mumubwereke makina achiwiri ndi zigoba zakumaso, mumutumizire ana a atachimenti ndi kangachepe ka zipangizo, ndipo muzibwera mwadzidzidzi kudzafunsa anawo ngati akuphunziradi. Wozunza ana mumuchotse mkaundula. Njira iyi siifuna kumanga nyumba olo imodzi, mashedi alipo kale.

6. Onjezerani makosi a sola, mijigo, mapampu, njinga zamoto, mabuloko a simenti ndi kukonza zokolola, ndipo musanasankhe kosi ya dera mufunse anthu a deralo.

7. Womaliza azituluka ndi bokosi la zipangizo mmanja, kaya ndi ngongole yobweza pang'onopang'ono, zipangizozo zikhale chikole chake. A bungwe la boma lopereka ngongole ndi a TEVETA mukhale pansi mugwirizane pa izi.

8. Makhonsolo ndi aphungu, ikani lamulo loti gawo la madesiki, mafelemu, mayunifolomu ndi zomanga zazing'ono za mdera zizipatsidwa kwa magulu a amisiri a dera lomwelo, mathenda ake odulidwa tizigawo toti ife nkukwanitsa, ndipo muzilipira msanga chifukwa ife mpamba wodikirira miyezi sikisi tilibe.

9. Chaka chilichonse tiuzeni poyera, boma ndi boma, ana angati analowa, atsikana angati, angati anamaliza, ndipo patatha chaka angati akudya ndi luso lawolo.

Mafumu athu, inu malo muli nawo ndipo mawu anu amamveka, mukapempha chitukuko musamaiwale kutchula za ana awa pambali pa milatho ndi makuponi. Makolo anzanga, nafenso tisiye kumuona mwana wa ovolosi ngati wolephera, timati "sukulu inamukanika nde angophunzira zamanja" mwana akumva, kenako tidabwa akamachita manyazi ndi ntchito yake.

Mabwana, mukafuna kuona zomwe ndalembazi simukusowa kundifunafuna ine, imani pa kamsika kalikonse kakumudzi tsiku la msika, funsani komwe kukulira galainda, mukapeza shedi ngati yangayi ndi ana atakhala pa ekiselo ya ngolo kudikira kuti chigoba chiwafike. Mubwere mvula isanayambe poti milatho yathu mukuidziwa, ndipo musatumize uthenga kuti tisese. Bambo wa tambala uja ananena kuti abweranso akakolola. Ndikupempha mundiyankhe nthawi imeneyo isanakwane, kuti ndidziwe chowauza.

Ine wanu mwaulemu,

Mmisiri wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa chigayo, pamodzi ndi telala, kalipentala ndi wokonza njinga zamoto a pamsika wathu